Tofu sagonekedwa: kasungidwe kake ndi masiku amene amakhala

Ambirife tikamva za ndiwo zopangidwa ndi soya, maganizo amathamangira ku timapaketi ta soya pieces tija timalendewera pa okala. Timakhala pamenepo miyezi, dzuwa likuwomba, fumbi likugwera, koma tikalowa mumphika timatuluka tili bwinobwino. Ndiye munthu akakumana ndi tofu koyamba, n'kumva kuti nayenso ndi wa soya, amangoti naye ndi wopirira chomwecho. Anthu amapwetekera pamenepa. Soya pieces ali ngati matemba owuma a ku Chilwa, amene mutha kuwaiwala m'dengu mwezi wathunthu. Tofu ndi nsomba yongovuulidwa kumene: mukaigoneka osaiphika, m'mawa zokudzutsani ndi ntchentche.

Tofu, chakudya choyera chofewa chopangidwa kuchokera ku mkaka wa soya, sanafale kwenikweni kwathu kuno, koma akubwera. Ena amamugula m'masitolo a ku Blantyre, ena anaphunzira kupanga okha atazolowera kufinya mkaka wa soya pakhomo. Ku Thyolo ndi ku Mulanje kulinso mabanja ambiri a mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazikika ku Malamulo, kufupi ndi Makwasa, mu 1902, ndipo mpingowu kuyambira kale umalimbikitsa anthu ake kuchepetsa nyama. Kwa mabanja oterewa, komanso kwa aliyense amene mtengo wa nyama wamufika m'khosi, tofu ndi ndiwo yabwino, yomanga thupi. Kungoti njira zomusungira zimene timawerenga zinalembedwa ndi anthu amene magetsi awo sazima ndipo madzi awo apampopi amafika atathiridwa kale mankhwala. Wa ku Chinakanaka kapena ku Thekerani akazitsatira osaganiza, zimupweteketsa.

Kuti timvetse chifukwa chake sachedwa kuwonongeka, tiyambe taona mmene amapangidwira. Soya amanyikidwa m'madzi maola 8 mpaka 12, kenako amasinjidwa kapena kugayidwa pamodzi ndi madzi. Phalalo limafinyidwa pansalu yoyera, mkaka n'kutsikira mumphika. Mkakawo umawiritsidwa mokwanira, chifukwa soya wosapsa amavuta m'mimba. Mukauphula n'kuzizirako pang'ono, mumathiramo madzi a mandimu kapena viniga, n'kutakasa mofatsa. Mukamayang'anitsitsa muona kuti pasanathe mphindi zochepa mkaka uja wayamba kuduka: timibulu toyera tikusonkhana, m'mbali mukutsala madzi achikasu oonekera pansi. Timibuluto mumatiwolera pansalu, kukulunga, n'kutsendereza ndi mwala kapena ndowa yamadzi mpaka tigwirane kukhala chidutswa chimodzi. Ku China, kumene chakudyachi chakhala chikudyedwa zaka zoposa 1,000, amadula mkaka kwambiri ndi ufa wa mwala woyera wotchedwa gypsum wokonzedwera zakudya, pamene ku Japan amakonda nigari, madzi owawa otsala akamapanga mchere wa m'nyanja.

Pa ntchito yonseyi palibe pamene taumitsa, palibe pamene tathira mchere wochuluka, ndipo mandimu aja ndi ochepa kwambiri moti sangateteze kanthu. Zakudya zimene makolo athu ankasunga nthawi yaitali zinkadalira kuuma, mchere, utsi kapena kusasa. Tofu alibe chilichonse mwa zimenezi. Ngakhale wolimba uja, amene mwala unagona pamwamba pake nthawi yaitali, gawo lalikulu la kulemera kwake ndi madzi, ndipo wofewa amayandikira magawo 9 mwa magawo 10. Madzi, zomanga thupi ndi kusawawasa ndi zinthu zitatu zimene mabakiteriya amafuna kuti aswane. Chachinayi ndi kutentha, ndipo chimenechi ndiye tili nacho chochuluka.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chakudya chosachedwa kuwonongeka chizisungidwa pansi pa madigiri 5, kapena ngati chili chophika choyembekezera kudyedwa, pamwamba pa madigiri 60. Pakati pa manambala awiriwa ndi pamene tizilombo timasangalala, ndipo chakudya chophika chisakhale pamenepo kupitirira maola 2. Akatswiri a ku America amawonjezera kuti kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, nthawiyo itsike n'kukhala ola limodzi. Aliyense amene anaimapo pa Chitakale kapena pa Luchenza masana mu Okutobala akudziwa kuti kutentha kumeneko si nthano. Zinthu zikawayendera bwino, mabakiteriya ena amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse. Werengetserani nokha: kamodzi kokha pa 6 koloko m'mawa, pofika 1 koloko masana tadutsa 2 miliyoni. Ndipo palibe tofu amene amayamba ndi kachilombo kamodzi.

Masiku ake

Funso loti tofu amakhala masiku angati lilibe yankho limodzi, chifukwa tofu amabwera m'njira zosiyana.

Wopanga nokha pakhomo, kapena wogula wovuulidwa m'ndowa ya munthu, ndiye wosachedwa kuwonongeka kuposa onse. Ali m'furiji yozizira bwino, atamizidwa m'madzi aukhondo amene mukusintha tsiku ndi tsiku, mabuku ambiri amati masiku 3 mpaka 5. Ineyo ndimati kuno tiziwerenga atatu, chifukwa asanuwo ndi a furiji imene sinazimeko n'kamodzi komwe.

Wa m'paketi yomata, wokhala m'madzi, amene mumamupeza m'furiji ya m'sitolo, nthawi zambiri amakhala atatenthetsedwa ali kale m'paketimo kuti tizilombo tambiri tife. Ameneyu amatha milungu ingapo, ndipo tsiku lolembedwa papaketi ndi limene mumatsatira. Koma tsikulo ndi lonjezo lokhala ndi malire awiri: paketi isatsegulidwe, ndipo isachoke pozizira kuchokera kufakitale mpaka kunyumba kwanu. Mukangoiboola, tsiku lija latha ntchito, ngakhale litati mwezi wamawa. Mwabwerera ku masiku 3 mpaka 5 aja.

Palinso wa m'katoni, womatidwa ngati mkaka uja timagula pashelefu osati m'furiji. Amakhala wofewa, wosalala, ndipo kampani ya ku Japan ya Morinaga ndi imene imadziwika naye kwambiri. Ameneyu amatha miyezi yambiri, mwina kuyandikira chaka, popanda furiji, chifukwa amatsekeredwa m'katonimo mopanda tizilombo. Mukatsegula, naye amafuna furiji ndipo athe m'masiku 2 kapena 3. Vuto limakhalapo munthu akaona wa m'katoni ali pashelefu n'kuganiza kuti wa m'paketi yamadzi nayenso angakhale m'kabati. Ngati munamupeza m'furiji, kwanunso kwake ndi m'furiji.

Wophika kale, kaya mwakazinga kaya mwathira tomato ndi anyezi, amakhala masiku 3 kapena 4 m'furiji ngati munamulowetsamo pasanathe maola 2 chiphulireni.

Pamapaketi pamalembedwa mawu awiri amene anthu amawasokoneza. Akalemba kuti "best before" akunena za kukoma: tsikulo likadutsa chakudya chimayamba kutsika, koma sikuti chasanduka poizoni nthawi yomweyo. Akalemba kuti "use by" akunena za chitetezo, ndipo pamenepo palibe zokambirana. Pa tofu wa m'furiji, ine mawu onsewa ndimawatenga ngati achiwiriwo.

Pali kanthu kena kamene mapaketi sanena, ndiko ulendo. Mwagula tofu m'tauni cha m'ma 10 koloko, mwazungulira m'Limbe kugula zina, mwakhala m'minibasi kudikira kuti idzaze, jumbo lili pamiyendo kapena pansi pa mpando pafupi ndi injini, kenako msewu wa Midima wonse uja, kutsika, n'kukweranso kabaza. Pofika pakhomo maola 2 aja anatha kalekale. Tofu azikhala chinthu chomaliza kugula, ndipo aziyenda m'cooler box kapena atagundana ndi botolo la madzi oundana, zonse zitakulungidwa m'chitenje. Ngati zimenezi sizinatheke, muphikeni madzulo omwewo, musamuwerengerenso masiku.

Madzi ndiye nkhani

Tofu amamizidwa m'madzi kuti asaume pamwamba komanso kuti asatengere fungo la zina za m'furiji. Kusintha madziwo tsiku lililonse kumachotsako tizilombo tina ndi timadzi ta soya timene tizilomboto timadya. Malangizo onse amati "madzi aukhondo", n'kupitirira ngati kuti nkhaniyo ndi yapafupi. Kwa ife si yapafupi.

Pakati pa Disembala 1981 ndi Febuluwale 1982, m'chigawo cha Washington ku America, anthu 50 anadwala matenda a m'mimba oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Yersinia enterocolitica. Ena ululu wake unali woopsa moti anachitidwa opaleshoni. Atafufuza anapeza kuti ambiri anadya tofu wa fakitale imodzi, ndipo fakitaleyo inkamiza tofu wake m'madzi a pakasupe osathira mankhwala. Soya analibe vuto, kaphikidwe kanalibe vuto. Mkaka unkawira bwinobwino, tizilombo tonse n'kufa, kenako pamapeto penipeni tofu woyera uja ankalowetsedwa m'madzi okhala ndi matenda.

Nkhani imeneyi iyenera kutiluma khutu ife a m'munsi mwa phiri la Mulanje. Timanyadira madzi athu, ndipo m'pake. A ku Likhubula, a mu Lichenya, a mu Ruo akamatsika kumtunda amakhala oyera mbee, ozizira mpaka mano kuwawa. Midzi yambiri imamwa m'mipopi yotenga madzi m'phiri, imene inayamba kuikidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo si madzi onse otere amene amafika atathiridwa mankhwala. Kuyera kwa madzi ndi nkhani ya maso. Kumtunda kumadutsa anthu otola nkhuni, kuli anyani ndi nyama zina, ndipo mvula ikagwa zonse zimatsukidwira mumtsinje. Sitinaiwale kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ngakhalenso mmene namondwe wa Freddy anagumulira zimbudzi ndi kuphwanya mapaipi m'maboma athu ano mu Malichi 2023.

Choipa china cha Yersinia n'chakuti amaswana ngakhale m'furiji. Mnzake wotchedwa Listeria nayenso ndi chimodzimodzi. Kuzizira kumangowachedwetsa. N'chifukwa chake furiji imakupatsani masiku ochepa chabe, ndipo n'chifukwa chakenso madzi omizira tofu ayenera kukhala amene mungamwetse khanda: owiritsa n'kuzizira ali ovundikira, kapena othira WaterGuard kapena klorini wa kuchipatala n'kudikira mphindi 30. Ena amadandaula kuti klorini amasiya kafungo pa tofu. Ngati ndi choncho wiritsani, nkhuni zake n'zochepa poyerekeza ndi ulendo wa kuchipatala.

Kasinthidwe kake n'kotere. Sambani m'manja ndi sopo. Pendeketsani kontena, chivundikiro chikutchinga tofu kuti asagwe, madzi akale atayike onse. Yang'anani madziwo akamatuluka: a dzulo okha amayenera kukhala oyera kapena achikasu pang'ono, osati a mbuu, osati okoka ulusi. Thirani atsopano mpaka tofu amire yense, chifukwa kansonga kotsala pamtunda ndi kamene kamayamba kuterera. Vundikirani, lembani tsiku pa chivundikiro ngakhale ndi makala, n'kubwezera mkati mwenimweni mwa furiji. Pachitseko musaikepo, ndi pamene pamafunda kwambiri. Nyama ndi nsomba zaziwisi zizikhala m'munsi mwa tofu, kuti madzi ake asadonthere. Mukafuna kudula, tulutsani ndi supuni yoyera, osati kupisa dzanja, ndipo mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku zisakhudze tofu zisanatsukidwe. Nsalu yofinyira ija, imene ambiri amangoitsukuluza n'kuyanika pampanda, iziwiritsidwa musanaigwiritsenso ntchito.

Magetsi akathima

Furiji imene simukuitsegula imasunga kuzizira kwake maola pafupifupi 4. Firiza yodzaza imatha maola 48, ya theka maola 24. Kutsegulatsegula kumadula nthawi imeneyi, ndipo tonse tikudziwa kuti ana akamva kuti magetsi athima ndi pamene ludzu la madzi ozizira limawagwira. Njira yothandiza ndi kusunga mabotolo amadzi m'firiza nthawi zonse, kuti magetsi akangothima mutengeko awiri n'kuwagundika ku kontena ya tofu. Akathima kupitirira maola 4 popanda ayisi, tofu uja muphikeni tsiku lomwelo ngati akadali wozizira mukamukhudza. Ngati munachoka n'kupeza furiji yafunda, osadziwa kuti yakhala choncho nthawi yaitali bwanji, tayani. Magetsi akabwerera n'kumuziziritsanso, tizilombo tinaswana kale tija sitibwerera m'mbuyo.

Palinso chizolowezi chozimitsa furiji usiku kuti mayunitsi asathe msanga. Pa zakumwa zam'mabotolo palibe vuto. Pa tofu, mkaka ndi nyama, furiji yoteroyo ndi kabati chabe. Ngati mumagula kwa munthu amene mukudziwa kuti amatero, dziwani kuti tsiku la papaketi silikunena za katundu wake.

Kwa amene alibe furiji, ndipo ndi ambiri

Apa mpofunika kunena mosapsatira. Popanda furiji, tofu ndi wa tsiku lomwelo. Wapangidwa m'mawa, adyedwe masana. Wapangidwa masana, adyedwe madzulo.

Anthu amafunsa za mtsuko. N'zoona kuti mtsuko umaziziritsa madzi, makamaka ukakhala pamthunzi podutsa mphepo, koma umangotsitsa madigiri ochepa, sufika ngakhale pafupi ndi 5. Ena amadalira chiperoni. Mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikatsika m'minda ya tiyi, kamvula kakuwaza, timavala majuzi awiri n'kumati kwazizira koopsa. Koma m'midzi ya m'munsi kuzizira kumene kumatinjenjemeretsa ifeyo sikukwana kuimitsa mabakiteriya, kumangowachepetsa liwiro. Ndipo chinyezi cha masiku amenewo ndi chimene chimalepheretsanso njira ina imene ena amayesa, yodula tofu mopyapyala n'kuyanika. Kuno kumene zovala zimatha masiku zili pachingwe osauma, tofu amachita chuku asanaume.

Mchere umathandizako pang'ono. Kumuwiritsa tofu m'madzi amchere mphindi zingapo kumapha tizilombo tapamwamba, ndipo kumukazinga m'mafuta mpaka afiire kumaumitsa khungu lake. Zonsezi zimakugulirani maola, osati masiku, pakuti mkati mumakhalabe monyowa.

Nanga mwambo wathu uja wotenthetsa ndiwo usiku kuti zisasase, m'mawa n'kutenthetsanso? Umathandizadi pa zambiri, ndipo ndi bwino kutenthetsa mpaka ndiwo zibwate kusiyana ndi kungozifunditsa. Koma uli ndi malire amene tiyenera kuwadziwa. Bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, amene amapezeka m'dothi ndipo amabwera pamodzi ndi mbewu monga soya ndi mpunga, ali ndi timbewu take tolimba timene sitifa ndi kuwiritsa wamba. Chakudya chikazizira n'kukhala pofunda, timbewuto timadzuka, kuswana, n'kusiya poizoni amene moto wa pambaula sumuwononga. Staphylococcus aureus, amene amachoka m'manja, m'mphuno ndi pazilonda za wophika, nayenso amasiya poizoni wosamva moto. Ndiye mutha kubwatitsa tofu wogona mpaka mphika kulira, tizilombo n'kufa, koma banja n'kusanzabe.

Yankho lenileni kwa munthu wopanda furiji, mwa kuona kwanga, ndi kusiya kulimbana ndi kusunga tofu, n'kumasunga soyayo. Soya wouma bwino, ali m'thumba la PICS kapena m'chigubu chotseka, pamalo osanyowa, amatha miyezi yambiri. Kilogalamu imodzi imatulutsa tofu woposa kulemera kwake, ndiye makapu awiri okha ndi okwana ndiwo za banja pa chakudya chimodzi. N'zoona kuti kusinja ndi kufinya pafupipafupi n'kotopetsa, ndipo mtima umafuna kupanga wambiri kamodzi n'kupuma. Pamenepo ndi bwino mabanja awiri kapena atatu oyandikana azisinthana: lero apanga awa n'kugawira anzawo, mkuja apanga enawo. M'nyengo yotentha samalaninso ndi kunyika komweko, chifukwa soya akakhalitsa m'madzi ofunda amayamba kuchita thovu ndi kusasa asanafike n'komwe mumtondo. Fupikitsani nthawi, kapena sinthani madzi pakati pake. Zotsalira pansalu zija, zimene ena amasakaniza m'zitumbuwa kapena m'phala, zimawonongeka msanga kuposa tofu yemwe. Ziphikidwe tsiku lomwelo kapena zipite kwa nkhumba ndi nkhuku zitaphikidwa.

Wina anganene kuti ife zosasa timadya, chambiko timamwa, thobwa logona timalikonda, ndiye tofu wosasa pang'ono angatitani? Kusasa kwa chambiko kumachokera ku mabakiteriya abwino amene amachulukitsa asidi mpaka oipa aja kusowa pokhala. Tofu akamasasa pakhomo, simudziwa kuti mwalowa ndani, ndipo asidi wake sakwana kuthamangitsa aliyense. Ku China kulidi tofu wofufumitsa, wa fungo lamphamvu, amene amasungika miyezi, koma amapangidwa ndi chuku chosankhidwa, mchere wambiri komanso nthawi zambiri vinyo wa mpunga. Ngakhale komweko, tofu ndi nyemba zofufumitsa pakhomo ndi zimene zimadziwika kuti zimayambitsa kwambiri matenda oopsa ofoola thupi otchedwa botulism. Mu 2012 mumzinda wa New York anthu awiri anagonekedwa m'chipatala ndi matendawa atadya tofu wofufumitsa okha kunyumba. Tofuyo anagulidwa m'sitolo ina ya ku Queens mmene ankamusunga m'madzi, osavundikira, kunja kwa furiji.

Bakiteriya wa botulism, Clostridium botulinum, amakonda malo opanda mpweya ndi chakudya chosawawasa. Timbewu take timafuna kutentha kwa madigiri 121 kuti tife, kumene mphika wamba sufikako. Choncho maganizo aja oti ndimukazinge tofu, ndimuike m'botolo, ndithire mafuta mpaka pamwamba, nditseke zolimba n'kuika pashelefu, ndi oopsa kuposa kungomusiya pambale. Wa pambale adzanunkha n'kukuchenjezani. Wa m'botolo atha kuoneka bwinobwino.

Zizindikiro

Tofu wabwino amanunkhira soya pang'ono chabe, mwinanso osamveka fungo lililonse. Wa mandimu amakhala ndi kakuwawasa kake kuyambira tsiku loyamba, ndiye muzimununkhiza akangopangidwa kuti mudziwe poyambira. Akayamba kuwonongeka, fungo limasanduka lowawasa mobaya mphuno, pamwamba pamaterera mukapititsa chala, mtundu umachoka koyera n'kupita kwachikasu chakuda, kotuwa, mwina ndi timadontho tofiirira. Madzi ake amachita mbuu kapena timathovu. Paketi yomata ikatupa, pulasitiki yapamwamba n'kukhala tuu m'malo mogona, ndiye kuti mkatimo muli zamoyo zimene zikutulutsa mpweya. Imeneyo musatsegule n'komwe kuti mulawe. Chuku chikamera mbali imodzi, musadule mbaliyo n'kudya inayo, chifukwa m'chakudya chofewa ndi chonyowa mizu yake imalowa kutali kuposa pamene maso akuona.

Koma mphuno ili ndi malire. Tizilombo timene timanunkhitsa chakudya nthawi zambiri si timene timadwalitsa kwambiri. Yersinia, Listeria ndi Salmonella atha kukhalamo tofu akuoneka woyera, akununkhira bwino. Fungo loipa limakuuzani kuti tayani. Kusowa kwa fungo sikukuuzani kuti idyani. Chimene chimakuuzani ndi kudziwa kuti wapangidwa liti, wakhala pozizira bwanji, ndipo wamizidwa m'madzi otani. Pogula kwa munthu musachite manyazi kufunsa kuti, "Mayi, ameneyu mwapanga lero kapena ndi wadzulo? Nanga madziwa ndi owiritsa?" Safunsa anadya phula. Wogulitsa wosamala sakwiya ndi funso lotere, ndipo amene wakwiya wakuyankhani kale.

Amayi oyembekezera, ana aang'ono, agogo athu ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika asamadye tofu wosaphika, ngakhale paketi itanena kuti atha kudyedwa choncho. Listeria ndi woopsa kwambiri kwa mwana amene ali m'mimba. Kwa onsewa tofu azipsa mpaka mkati motentha, madigiri 70 kupita m'tsogolo, kutanthauza kuti msuzi ubwate ndipo chidutswa mukachidula pakati chizituluka nthunzi.

Amene ali ndi firiza yodalirika ali ndi mwayi wina. Tofu woundanitsa amakhala miyezi pafupifupi 3 asanayambe kutaya kukoma. Mumamukhetsa madzi, kumudula m'zidutswa zokwana kuphika kamodzi, n'kumanga m'timajumbo. Musadabwe akasanduka wachikasu, mtundu umabwerera akasungunuka. Chimene sichibwerera ndi thupi lake: madzi akaundana amasiya timabowo, moti mukamufinya amatuluka madzi ambiri n'kukhala wotafunika, womwa msuzi kwambiri. Ambiri amene amati tofu ndi wozizira m'kamwa amamukonda wotereyu. Anthu a ku Japan anapanga chakudya chapadera ndi njira imeneyi, koya-dofu, amene amaundanitsidwa kenako n'kuumitsidwa, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Koya kumene kuli amonke achibuda. Musungunulireni m'furiji kapena mumuponye m'madzi owira, osati kumusiya pawindo tsiku lonse, ndipo wosungunuka asabwererenso m'firiza.

Kwa amene akuganiza zopanga tofu wogulitsa pa Limbuli, pa Bvumbwe kapena m'malo ogona alendo okwera phiri, phindu lanu lagona pa kudziwa kuchuluka kwa amene angathe tsiku limenelo. Ndi bwino kuyamba ndi maoda kusiyana ndi kukhala padzuwa ndi ndowa yodzaza kuyembekezera odutsa. Ndowa ikhale yovundikira, muli ayisi wopangidwa ndi madzi abwino, ndipo dzanja lolandira ndalama lisalowemo. Wotsala madzulo asasakanizidwe ndi watsopano wa mawa. Mukafika pomata m'mapaketi ndi kuika m'masitolo, pitani ku Malawi Bureau of Standards mukamve zofunika pa chizindikiro ndi masiku, musangolemba tsiku lochokera m'mutu.

Zikachitika kuti wina wadya n'kuyamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, choyamba ndi kubwezera madzi m'thupi ndi Thanzi ORS, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, munthu wachikulire, kapena aliyense amene akuchita chimbudzi cha magazi, watentha thupi kwambiri kapena m'mimba mukupota kumanja cham'munsi, apite kuchipatala osadikira kuti kuche. Zizindikiro za botulism n'zosiyana ndipo zimatha kuchedwa tsiku limodzi kapena angapo: kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kulemera, lilime kulemera polankhula, kulephera kumeza, kenako kufooka kotsika m'thupi mpaka kupuma kuvuta. Zimenezi anthu sachedwa kuzitcha zamatsenga kapena sitiroko, nthawi n'kumatha. Thamangirani kuchipatala, muuzeni dokotala zonse zimene wodwalayo anadya masiku apitawo, tchulani ena amene anadya nawo, ndipo ngati chakudyacho chatsalako, chimangeni bwino mupite nacho.